Nyale Yachitatu ndi Wotchi ya Swala

Ndakonza mawailesi ndi ma TV mu Chipata zaka zambiri, ndipo zinthu zimene ndaononga ndi manja angawa nzosawerengeka. Mmisiri amene amati sanaonongepo kanthu ndi wabodza, apo ayi ntchitoyo waiyamba dzulo. Zambiri ndinaziiwala. Eni ake anandikalipira, tinakambirana, nkhani n'kutha. Koma pali wotchi imodzi imene mwini wake sanandikalipirepo ngakhale kamodzi, ndipo imeneyo ndiyo imandisautsabe.

Shopu yanga inali kachipinda kuseri kwa msika wa Kapata, pakati pa telala ndi mayi wogulitsa mbale za pulasitiki. Mafoni a m'manja anali atangoyamba kuchuluka m'tauni. Ine ndinali pa msinkhu woipa uja, wodziwa zinthu pang'ono koma n'kumadziona ngati ndatha zonse. Ndikakonza TV imene ena ailephera, mzere wonse wa mashopu unkadziwa tsiku lomwelo, chifukwa ndinkalengeza ndekha.

Lachisanu lina masana, mvula ikuwaza, analowa bambo wina wachikulire wa sitolo ya nsalu ku Down Shops. Anali Msilamu, makolo ake anachokera ku Malawi kalekale, ndipo tsikulo ankachokera ku mzikiti. Ananyamula chinthu chokutidwa ndi chitenje, atachipakata pachifuwa. Njinga zonyamula anthu zinalipo zambirimbiri pamsewu, koma iwo anayenda wapansi kuopa mabampu.

"Amisiri, ndamva kuti zinthu za manambala mumazitha," anatero. "Ndabwera ndi wodwala."

Inali wotchi ya magetsi m'bokosi la matabwa a mukwa, kutsogolo galasi lofiira, manambala akuluakulu oti munthu wa maso ofooka aziona ali patali. Inkaonetsa nthawi, komanso inkalira kasanu pa tsiku, nthawi ya swala, mapemphero a Asilamu, ikakwana. Ine Mkhristu wa ku Chiparamba ndinkaganiza kuti nthawi zimenezi zimakhala zomwezomwezo chaka chonse. Iwo anandifotokozera kuti zimayenda ndi dzuwa, lero apa, mwezi wamawa zasuntha pang'ono.

"Anaipanga mwana wanga," anatero. "Anakaphunzira za magetsi ku Kopala. Atabwera ku tchuthi anakhala miyezi iwiri kuseri kwa sitolo, akuwerengetsa dzuwa la kuno ku Chipata, tsiku lililonse la chaka, n'kumalowetsa m'menemu. Anatisiya zaka zinayi zapitazo. Mawotchi otere ku Lusaka aliko, ndikudziwa, ana anga enawo amandiuza nthawi zonse kuti ndigule yatsopano. Koma m'kati mwa iyi muli mutu wa mwana wanga."

Vuto linali loti chiyambire mvula, manambala ankasokonekera, ndipo masiku ena wotchiyo inkalira nthawi yolakwika.

Nditaitsegula ndinachita kansanje. Mawaya anali oyalidwa bwino, aliyense njira yake, powotcherera ponse pali see. Ine ntchito yanga siinkaoneka choncho. Pakati pa bolodi panali kachipi ka miyendo yambiri, ka mtundu umene timautcha epulomu. Kachipi kotere kali ndi kawindo kagalasi pamsana. Zimene walembamo zimakhala momwemo ngakhale magetsi atathima zaka, koma pali kuwala kwina, kumene kumapezekanso m'dzuwa, kumene kakalowa pa kawindoko kamafufuta zonse, kachipi n'kutsala kopanda kanthu, koti ulembemo zina. N'chifukwa chake timamata kapepala pa kawindoko. Zonse zimene malemuyo anawerengetsa zinali m'kachipi kameneka, ndipo kwina kulikonse kunalibe.

Nthenda ndinaiona pomwepo. Miyendo ya kachipiko inali itagwira dzimbiri lobiriwira chifukwa cha chinyontho. Kupala miyendo, kutsuka pokhala pake, kukabwezera, basi. Inali ntchito ya ola limodzi, ndipo bamboyo akanabwerera nayo kunyumba tsiku lomwelo. Koma ine pa shelefu ndinali ndi makina okopera tichipi, amene ndinawatola pa katundu wakale wa kampani ina itatsekedwa. Anali ndi malo awiri, ena oika kachipi kolembedwa, ena kopanda kanthu, ndipo ukadina batani ankasamutsira zonse uku. Ndinali ndisanawagwiritsepo ntchito pa katundu wa munthu, ndipo manja ankandiyabwa.

"Bambo, kachipika kakalamba," ndinatero. "Ndikopera zonse m'kena, kuti mukhale ndi tiwiri. Kena kakafa, kena kalipo."

Nzeruyo payokha siinali yoipa, koma chimene chinkandikankha ine chinali matama. Iwo anagwedeza mutu. "Chitani zimene mukuona, amisiri. Koma mundisamalire."

Atapita ndinazula kachipiko. Kapepala kamene malemuyo anamata kanali kakakulu, kanaphimba ndi nambala yomwe, ndiye ndinakamatula kuti ndidziwe mtundu wake. Kenako ndinabaya miyendo ya kachipiko pa kasiponji kuti isapindike, n'kukaika kumapeto kwa tebulo, kawindo kali m'mwamba.

Tichipi tatsopano mu Chipata simunkapezeka. Ndinali ndi tisanu ta mtundu womwewo, tozula m'zinthu zakufa, koma tonse tinali ndi zolembedwa zakale, ndiye tinafunika kufufuta kaye. Amisiri akale amene anandiphunzitsa ankangotiyanika padenga la malata, pa dzuwa la Okutobala, milungu iwiri kapena itatu. Koma uwu unali mwezi wa Januwale, mvumbi uli ndii, phiri la Kanjala osaoneka mpaka masana. Panafunika nyale.

Yoyamba ndinabwereka kwa mnzanga wa golosale, ija amaunikira ndalama kuti aone ngati nzenizeni. Nditaiyatsa, malaya anga oyera anawala mpaka telala anabwera kudzasuzumira. Ndinati apa ndiye ndapeza. Tichipi tinagona pansi pake masiku atatu, ndipo nditatiyesa pa makina, zolembedwa zinali momwemo, osachoka ngakhale pang'ono.

Yachiwiri ndinaitenga ku butchala, ija imaitana ntchentche kuti zikapse pa waya. Imeneyi inali yowala koposa, ya buluu. Masiku anayi, tichipi sitinasinthe. Chimene ndinapindula ndi ntchentche za msika wonse, ndipo mayi wa mbale uja anandifunsa ngati ndayamba kugulitsa nsomba.

Lachisanu bambo aja anatulukira. "Wodwala wathu ali bwanji?"

"Akupezako bwino, bambo. Mundipatse sabata ina."

Loweruka m'mawa kunabwera alongo anga aakulu. Ndi amene anandilera mayi athu atamwalira, ndipo nthawi imeneyo ankagwira ntchito m'chipinda choyezera magazi pa chipatala china cha kufupi ndi Madzimoyo. Anabwera kudzagula zinthu m'tauni n'kugona kwathu mpaka Lamlungu. Anaona nyale ya ku butchala ili lende pa tebulo, ndinawafotokozera, ndipo anaseka mpaka kukhala pa mpando wa makasitomala.

"Iwe, nyale zimenezi nzongokongoletsa. Imene ukufuna ndi ija timaphera majeremusi ku ntchito. Chubu chake ndi galasi loyera ngati madzi, mulibe ufa woyera uja m'kati. Ometa tsitsi amakhala nayo m'kabati yoikamo mashini awo. Koma undimvetse bwino. Nyale imeneyo siyoyang'ana, ndipo siyoyatsa poyera. Imakhala m'bokosi lotseka. Usapusitsike ukaona kuti ikuwala pang'ono, kuwala kumene kumagwira ntchitoko maso sakuona."

Zonse zimene ndinkafunika kudziwa zinali m'mawu amenewo. Koma ine ndinali nditasekedwa kale ndi mayi wa mbale, tsopano kusekedwanso ndi mlongo wanga m'shopu yanga yomwe, telala akumva kuseri kwa khoma. Mtima unandipsa.

"Asisi, inu dziwani za magazi ndi malungo. Za magetsi tisiyireni eni ake."

"Chabwino, mwini wake," anatero, n'kunyamula chikwama chawo.

Atangotuluka ndinakwera njinga kupita kwa wometa tsitsi wina pafupi ndi siteshoni ya mabasi. Anali ndi kabati yakale yotere, chitseko chake chitathyoka hinji imodzi, ili pakona ikungosunga fumbi. Anandiuza kuti ndiitenge yonse. Apa ndi pamene ndinasankha. Kabatiyo inangofunika sikuluwu ziwiri kuti izitsekeka. Ndinati njinga siingathe, ndinati mvula ikubwera, koma zoona zake n'zakuti ndinkafuna kuona ndi maso anga nyaleyo ikugwira ntchito, komanso sindinkafuna kuti alongo anga adzapeze bokosi m'shopu mwanga n'kunena kuti ndawamvera. Ndinamasula chubu ndi zoyatsira zake, kabati n'kuisiya pomwepo.

Ku shopu ndinamangirira chubucho ndi waya pamwamba pa tebulo n'kuyatsa. Ndinakhumudwa. Kanali kakuwala kozilala, kabuluu kotuwa, kosafika ngakhale theka la nyale ya ku butchala. M'chipindamo munayamba kumveka kafungo ngati ka powotcherera zitsulo. Ndinayandikira, ndinachiyang'anitsitsa mbali zonse, kuona ngati chayaka bwino kapena chatha mphamvu. Kenako ndinawerengetsa mwauchitsiru wanga kuti ngati nyale zowala zija zinalephera masiku atatu ndi anayi, kofookaka kafunika sabata yathunthu. Ndinandandalika tichipi tisanu tija pansi pake.

Kachipi ka wotchi kanali pa siponji yake kumapeto kwa tebulo, mtunda wa mkono umodzi kuchokera pa nyale. Ndinakaona. Sindinganame kuti ndinaiwala. Ndinaganiza zomata kawindo kake ndi tepi wakuda, ndinafufuza pang'ono m'dilowa, tepiyo sindinamuone msanga, ndiye ndinati kali patali, ndiponso nyale ziwiri zaunika tebulo lomweli sabata yonse popanda vuto. Cha m'ma 2 koloko ndinakiya shopu, nyale ikuyaka, kuti igwire ntchito mpaka Lolemba.

Lamlungu m'mawa maso anakana kutseguka. Zinali ngati wina wathiramo mchenga wosakaniza ndi tsabola, misozi ili chuchuchu, nkhope yonse ikuwotcha. Alongo anga anali atavala kale za ku tchalitchi. Ananyowetsa nsalu m'madzi ozizira n'kundiphimba nayo kumaso.

"Unaiyang'ana," anatero.

"Pang'ono chabe."

"Ili kuti?"

"Ku shopu."

"Yoyaka?"

Ndili m'mdima wa nsalu yonyowayo ndinaona m'maganizo tebulo langa lonse, ndi siponji ija kumapeto. Nyale imene yandipweteka chonchi pa mphindi zochepa inali itayaka pamenepo kuyambira dzulo lake masana. Ndinawapatsa kiyi, ndinawapempha kuti athimitse pa switchi ya pakhomo asanalowe, ndiponso avindikire kanthu kamene kali pa siponji. Ku tchalitchi sanapitenso. Anapita ku Kapata ndi nsapato zawo za pa Sabata m'matope, ndipo atabwerako sanandinyoze, zimene zinandiwawa kuposa akanandinyoza.

Maso anachira Lachiwiri. Ndinayamba ndi tichipi tisanu tija, ndipo tonse tinali titafufutika bwinobwino. Nyale inali yoyenera, pamenepo alongo anga sanalakwitse. Kenako ndinatenga kachipi ka wotchi n'kukaika pa makina. Makina anati mulibe kanthu. Ndinapala miyendo, ndinayesanso. Ndinakazula, ndinakapukuta, ndinayesanso kachitatu, kachinayi. Ndinakabwezera m'wotchi n'kuyatsa, galasi lofiira lili bii. Miyezi iwiri ya mwana wa munthu, amene sangabwerenso kudzailemba, ndinaifufuta chifukwa cha ulesi wofunafuna tepi.

Alongo anga anandiimbira foni madzulo ake, ndinawauza. "Ukawauze eni ake," anatero. Ndinavomera kuti Lachisanu ndiwauza.

Lachisanu bambo aja anabweradi. Anakhala pa mpando, anavula kachipewa kawo koyera n'kupukuta mvula, ndipo ndisanatsegule pakamwa anayamba kundisimbira za mwanayo ali wamng'ono, mmene anamasulira wailesi ya m'nyumba yonse kuti aone anthu olankhulamo, n'kuibwezeranso ikulira. Ankaseka posimba. Ine mawu amene ndinakonza anathawa.

"Pali kachitsulo kena kamene ndikudikira kuchokera ku Lusaka, bambo," ndinatero.

Nditanena zimenezo ndinayenera kuzikwaniritsa. Ndinatuma kondakitala wina wa basi amene ndinkadziwana naye kuti andigulire wotchi ya swala ya m'sitolo, zija zopangidwa kunja zimene umangosankha dera. Itafika ndinaiphwasula, ndinatenga za m'kati n'kuziika kuseri kwa galasi lofiira lija, manambala ake n'kuwalinganiza ndendende pamene panali akale. Kabelu kolira ndinasiya kakale komwe, kuti kulira kusasinthe. Bolodi ya malemuyo ndinaisiya m'bokosi momwemo, ndi kachipi kake kopanda kanthu, kapepala nditakamatanso, koma mawaya ake onse ndinadula. Ndinagwira masiku asanu. Pa ntchito zonse zimene ndagwirapo moyo wanga, yaudongo kuposa imeneyo palibe, ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi.

Nditawaonetsa alongo anga wotchiyo, anaiyang'ana nthawi yaitali. "Kufufuta kuja inali ngozi ya munthu wouma mutu," anatero. "Izi ndiye wachita dala." Anatha miyezi osaponda pa shopu panga.

Bambo aja anailandira ndi manja awiri. Anafunsa za kachipi kachiwiri kaja, ndinati sikanafunikenso, koyamba kachira. Anandidalitsa m'chinenero cha mapemphero awo, kenako m'Chinyanja kuti ndimve. Ndipo sanathere pamenepo. Anauza anzawo ku mzikiti kuti kuseri kwa Kapata kuli mmisiri amene anapulumutsa ntchito ya mwana wawo. Eni masitolo a ku Down Shops anayamba kubweretsa masikelo, ma TV, mainveta. Patapita zaka ziwiri ndinasamukira m'shopu yaikulu ya m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, ndipo ndikudziwa bwino amene anandifikitsa kumeneko.

Nyale ija ndinaipangira bokosi sabata yomweyo ya ngozi ija, la chitini cha mabisiketi, ndi kaswitchi koti chivindikiro chikatseguka izithima yokha. Zinanditengera theka la ola.

Bamboyo anakhala ndi moyo zaka zina zoposa khumi. Ndinkadutsa pa sitolo yawo kawirikawiri, wotchi ili pakhoma pamwamba pa mipukutu ya zitenje, ndipo ankandiitana kuti ndimwe tiyi. Mipata youlula inalipo yambirimbiri. Chaka choyamba ndinkati bala likadali laliwisi. Kenako ndinkati papita nthawi yaitali, ndiwapwetekeranji munthu wokalamba. Ndinkadziuza kuti ndikuwachitira chifundo, koma amene ndinkamumvera chifundo ndinali ine ndemwe.

Atadwala matenda omaliza ananditumizira uthenga kuti ndikawaone kunyumba. Ndinapita nditatsimikiza mtima kuti lero ndinena. Ndinawapeza atagona, atatha thupi, wotchi ataisamutsira kuchipinda. Pambali pa bedi panakhala mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

"Uyu ndi mdzukulu wanga, mwana wa malemu uja," anatero. "Bambo ake anamusiya ali wakhanda, nkhope yawo amaidziwira pa chithunzi. Wotchiyi ndauza onse kuti ndi yake, chifukwa alibe china chopangidwa ndi manja a bambo ake. Inu ndinu nokha amene munaona m'kati. Mudzamuuze mmene bambo ake ankagwirira ntchito."

Mtsikanayo anandiyang'ana. Ndinati ndidzamuuza, ndipo ndinatsanzika. Patangotha milungu itatu tinawaika m'manda.

Mdzukuluyo anabweradi ku shopu, osati kamodzi. Ndinamuuza za mawaya oyalidwa bwino, za powotcherera posalala, za nsanje imene ndinachita nditatsegula bokosilo. Zonsezo zinali zoona, ndipo ankazimvetsera atagwira chibwano. Anandiuza kuti wotchiyo sanaitsegulepo, agogo ake ankaletsa aliyense kuikhudza ndi sikuludiraiva. Pano akuphunzira za magetsi ku Lusaka, ndipo amanena yekha kuti chinamukokera kumeneko ndi wotchi imeneyo.

Mwezi watha anabwera ku tchuthi, anadutsa kudzandipatsa moni. Anaona makina okopera aja pa shelefu, akale, fumbi lokhalokha, ndipo anawazindikira, chifukwa ku sukulu anawaphunzitsa za tichipi ta mawindo.

"Ankolo, makinawa akugwirabe ntchito?"

"Akugwira."

"Ndikamaliza mayeso mu Disembala ndibwera ndi wotchi ija. Ndikufuna ndiitsegule, tiwerenge kachipi kaja, ndione zimene adadi analembamo. Mudzandithandiza?"

Mmene ndikulemba pano mwezi wa Okutobala uli pakati. Alongo anga anapuma ntchito, ali ku Chiparamba, ndipo sindinawauze, chifukwa ndikudziwa chimene anganene. Tsiku lija mtsikanayo anaima pakhomo akudikira yankho, chikwama chili paphewa, akumwetulira.

"Udzabwere nayo, mwana wanga," ndinatero.